Maina Athu pa Miyala ya Kuseri kwa Mars

Usiku wa pa 14 Julaye 1934, chisanu chili pachimake ku Johannesburg, katswiri wa zakuthambo dzina lake Cyril Jackson anajambula kachigawo ka thambo pa galasi lojambulira. Atalitsuka galasilo, pakati pa timadontho tambirimbiri ta nyenyezi anapezapo kamodzi kamene sikanakhazikike malo amodzi. Kanali pa ulendo. Kanthuko kanalowa m'kaundula ngati 1934 NS, kenako kanapatsidwa nambala 1326, ndipo pomaliza kanalandira dzina lakuti Losaka. Ndi Lusaka yemweyu amene ife a ku Kafue timapitako pa minibasi m'mawa n'kubwerako madzulo, kungoti m'kaundulamo analemba ndi chilembo china, ndipo zakhala choncho mpaka lero. Pamene Jackson ankauona mwalawo, n'kuti Lusaka asanakhale likulu. Boma la atsamunda linachoka ku Livingstone chaka chotsatira, mu 1935.

Jackson anabadwira ku England mu 1903, anakulira ku South Africa, ndipo anagwira ntchito pa Union Observatory. Miyala ya mumlengalenga imene akatswiri amaitcha ma asiteroidi anaipeza yokwana 72, ndipo yambiri inatenga maina a malo a mu Africa muno. Ukamawerenga mndandanda wake umayenda nawo kuchokera kumwera kukwera kumpoto: Limpopo, Sofala, Beira, Ruvuma, Katanga, Mombasa. Ife a ku Zambia tilimo kangapo. Pali 1242 Zambesia wa mu 1932, pali 1634 Ndola wa mu 1935, pali 1676 Kariba wa mu 1939. Abale athu a ku Malawi ali ndi 1468 Zomba wa mu 1938, ngakhale ameneyo ndi woyendayenda, njira yake imalowerera mpaka m'dera la Mars. Dzina la Kafue pa mndandanda wa Jackson palibe.

Ndimakhala kufupi ndi dera la mafakitale la tawuni ino, ndipo kunena zoona kuno si kumene munthu amaphunzirira kuyang'ana kumwamba. Maso athu anazolowera pansi: njanji, magalimoto akuluakulu a pa msewu wa Great North, mathiraki odzaza zitsulo zakale akupita kokazisungunula, matumba a feteleza. Tawuniyi inakula chifukwa cha mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba ntchito mu 1970, fakitale ya nsalu inabweretsa mabanja ambirimbiri, nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira antchito, ndipo makolo athu ena anachoka ku Katete ndi ku Chadiza kudzatsata ntchito zimenezo. Usiku, magetsi a m'mipanda ya mafakitale amawalitsa fumbi ndi utsi, thambo n'kusanduka lofiirira, nyenyezi zooneka n'kungotsala zowerengeka. Mwana wobadwira kuno akhoza kufika Giredi 7 asanauone bwinobwino Mlalang'amba umene agogo ake ankauona tsiku lililonse akamachokera kumphala.

Chilala cha mu 2024 chinasintha zimenezi kwa miyezi ingapo, ndipo sichinasinthe mwaubwino. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, malaiti ankapita usana ndi usiku, owotcherera zitsulo ndi a zigayo ankadikira pakati pa usiku kuti agwireko ntchito maola ochepa. Anthu anavutika, ena malonda awo anagweratu. Koma mumdima umenewo thambo linabwerera pamwamba pa Shikoswe ndi Zambia Compound. Ana anafunsa maina a nyenyezi, ndipo akuluakulu ena anakumbukira Nsangwe ndi Nthanda. Ine ndinkakhala pakhonde n'kumaganiza kuti Kariba alipo awiri: wina waphwa ndipo watisiya mumdima, wina ali kwinakwake mumdima womwewo, akuzungulira dzuwa kamodzi pa zaka zitatu ndi miyezi ingapo, wosaoneka ndi maso, wosadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina.

Miyala imeneyi imakhala m'dera lalikulu lapakati pa Mars ndi Jupiter, limene akatswiri amalitcha lamba. Kuchoka pa dziko lathu kukafika kudzuwa ndi makilomita 150 miliyoni. Lambayo amayambira pa mtunda woterowo kawiri ndi pang'ono kuchokera kudzuwa, n'kukathera pa katatu ndi pang'ono. Waukulu mwa yonse ndi Ceres, wa makilomita pafupifupi 940 m'mimba mwake. Yambiri ndi ing'onoing'ono. Zambesia amapitirira makilomita 40, ndiye kuti utamuika pansi pano angadzaze mtunda wa kuchokera pa Kafue mpaka kufupi ndi Lusaka. Miyala yodziwika tsopano yapitirira miliyoni imodzi, koma utaisonkhanitsa yonse ya m'lambamo, kulemera kwake sikungafike ngakhale magawo anayi mwa magawo 100 a mwezi wathu. Ndiponso ndi yotalikirana kwambiri, moti zombo za mumlengalenga zimadutsamo popanda kugunda kanthu.

Chimene chimandigwira mtima ndi chiyambi chake. Zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo, fumbi ndi miyala zozungulira dzuwa zinkagundana n'kumamatirana mpaka kupanga mapulaneti. M'dera la lambali ntchitoyo sinathe. Jupiter ndi wamkulu zedi, ndipo mphamvu yake yokoka inkasokoneza miyalayo, kuithamangitsa kwambiri moti ikakumana inkaphwanyana m'malo mogwirana. Mpaka lero m'lambamo muli mipata yopanda miyala, pamene Jupiter anasesapo. Daniel Kirkwood wa ku America ndiye anaizindikira mipatayo m'zaka za m'ma 1860. Mwala ukakhala pamalo poti umazungulira dzuwa katatu pamene Jupiter wazungulira kamodzi, umakokedwa mobwerezabwereza pa malo omwewomwewo mpaka njira yake ipotoke, ndipo ina mwa miyala yotere ndi imene imadzafika kuno kwathu.

Alamu anga anagwirapo ntchito pa ng'anjo yosungunulira zitsulo, ndipo ndi iwo amene anandithandiza kumvetsa mbali imodzi ya nkhaniyi. Ndinkawauza kuti miyala ina yogwa kumwamba imakhala chitsulo chokhachokha, ina n'kukhala mwala wamba, ndipo iwo sanadabwe.

"Alamu, zimenezo n'za tsiku ndi tsiku," anatero. "Masikirapu akasungunuka, chitsulo chimatsikira pansi chifukwa n'cholemera. Silagi imayandama pamwamba, timaichotsa payokha."

Ndi zomwezo zimene zinachitika kumwambako. Ma asiteroidi ena oyambirira anatentha mpaka kusungunuka m'kati, chitsulo ndi nikelo zinamira kupita pakatikati, miyala yopepuka inatsalira kunja. Kenako atagundana n'kusweka, zidutswa za pakati zinakhala zitsulo, za kunja zinakhala miyala. Ku Mbozi m'dziko la Tanzania, osati kutali ndi chipata cha Nakonde ndi Tunduma, kuli chitsulo choterocho cholemera matani ambiri, chagona pomwe chinagwera. Ku Namibia kuli Hoba, cha matani pafupifupi 60. Ndipo pa 2 Juni 2018 makina a Catalina Sky Survey ku Arizona anaona kamwala kakubwera, patangopita maola ochepa kanayaka pamwamba pa Botswana, ndipo zidutswa zake zinakatoledwa m'nkhalango ya Central Kalahari. Akatswiri ataziyeza anapeza kuti zikufanana ndi miyala ya ku Vesta, mmodzi mwa akuluakulu a m'lambamo. Alamu anga atamva zimenezi anangoti, "Ndiye kuti ng'anjo sitinayambe ndife."

Koma nkhani imene ndakhala ndikuisinkhasinkha kwambiri ndi ya dzina, ndi mmene munthu amafikira pokhala ndi ufulu wolipereka. Ambiri timaganiza kuti woyamba kuona ndiye mwini. M'ntchito imeneyi kuona koyamba ndi poyambira chabe. Giuseppe Piazzi anamuona Ceres pa 1 Januwale 1801 ali ku Palermo, anamutsatira milungu ingapo, kenako Ceres analowa m'kuwala kwa dzuwa n'kusowa. Akanatayika, koma mnyamata wina wa masamu wa ku Germany, Carl Friedrich Gauss, anatenga miyezo yochepa ija n'kuwerengera pamene mwalawo udzatulukire. Kumapeto kwa chaka chomwecho anaupezadi pafupi ndi pomwe iye ananena. Ena sanachite mwayi wotero. Mwala wotchedwa 719 Albert unaoneka mu 1911, unasowa, ndipo unadzapezekanso mu 2000, amene anauona poyamba atamwalira kalekale.

Taganizirani tsono ntchito ya Jackson. Kuyambira mu 1891, pamene Max Wolf anayamba kusaka miyalayi ndi zithunzi, njira yake inali yakuti telesikopu izitsatira nyenyezi pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, galasi lili chotsegula. Nyenyezi zimatuluka ngati timadontho, koma mwala woyenda umasiya kamzere kakafupi. Kapena amajambula malo amodzi kawiri, n'kumayerekeza magalasi awiriwo mpaka aone kadontho kamene kasuntha. Akakapeza, ayeze malo ake molondola, abwerenso usiku wina, ayezenso. Miyezoyo inkatumizidwa ku Berlin, kumene kunali ofesi yowerengera njira za miyalayi nkhondo yachiwiri isanathe, ndipo masamu onsewo ankachitika pa pepala. Kuyambira mu 1947 ntchitoyo ili m'manja mwa Minor Planet Center ku America. Mwala supatsidwa nambala yokhazikika mpaka njira yake itadziwika bwino moti sungasowenso, ndipo masiku ano zimenezi zimafuna kuuona m'nyengo zingapo zosiyana. Losaka amaoneka bwino pamene dziko lathu ladutsa pakati pa iye ndi dzuwa, zimene zimachitika kamodzi pa miyezi 15 kapena 16. Ukaphonya nyengoyo chifukwa cha mitambo, udikire ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mawuwa ndi oona ndithu.

Ndimailemekeza ntchito yotere chifukwa ndimaidziwa nkhope yake. Ndi ya shifiti ya usiku. Munthu wa ku Kafue amene anayang'anirapo makina mpaka mbandakucha, kulemba manambala m'buku ola lililonse ngakhale palibe chasintha, amadziwa kuti zambiri zimene zimayenda bwino m'dziko zimayenda chifukwa wina sanagone ndipo sananame polemba. Jackson ankagwira yomweyo, m'chipinda chotsegula denga, m'mwezi wa Julaye.

Njira ya Losaka ndi yodziwika tsopano moti akatswiri angakuuzeni pamene adzakhale zaka zambiri zikubwerazi. Amazungulira dzuwa kamodzi pa zaka zinayi ndi miyezi ingapo. Njirayo si yozungulira bwinobwino, ndi yotambalala mbali imodzi, choncho nthawi ina amayandikira dzuwa n'kuthamanga kwambiri, nthawi ina amatalikira n'kuchepetsa liwiro, monga Johannes Kepler anafotokozera za mapulaneti zaka 400 zapitazo. Liwiro lake ndi pafupifupi makilomita 18 pa sekondi, ndiye kuti ulendo wa Kafue ndi Lusaka iye angauthe masekondi atatu asanakwane. Chiyambire 1934 wazungulira dzuwa kopitirira ka 20. M'maulendo amenewo Northern Rhodesia anasanduka Zambia, mafakitale a kuno anamangidwa, ena anatsekedwa, ena atsopano anatsegulidwa.

Apa m'pamene mtima wanga umagawanika. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndimathokoza kuti Jackson, m'malo mongotchula milungu ya Agiriki kapena abwenzi ake, anayang'ana malo a kontinenti imene ankakhalamo. Koma maina amenewo anawatenga pa mapu a nthawi yake, ndipo eni malo sanafunsidwe. Pa mndandanda womwewo pali 1197 Rhodesia, wa mu 1931. Pansi pano tinasintha: Broken Hill anakhala Kabwe, Fort Jameson anakhala Chipata, Abercorn anakhala Mbala. Kumwambako dzina likalowa m'kaundula limakhala. Ngakhale la Kariba lili ndi mbali yake yowawa. Mwalawo unaoneka mu 1939, damu lisanamangidwe, koma dzinalo unalilandira pambuyo pake polemekeza nyanja yopangidwa ndi anthu ija. Khoma la damulo linatha mu 1959, ndipo anthu a Chitonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha makolo awo, kusiya minda ndi manda pansi pa madzi. Kuno ku Kafue timakhala ndi Atonga khomo ndi khomo, ndipo ena mwa iwo nkhani imeneyi anaimva kwa agogo awo enieni. Kaundula wa kumwamba amakumbukira nyanjayo. Za anthuwo timakumbukira ndife.

Sindikufuna kuti mainawo afafanizidwe. Ndi mboni ya nthawi yake, ndipo amene anawapereka anawagwirira ntchito. Chimene ndikufuna n'chakuti pakhale ena, operekedwa ndi ife. Kwathu wopereka dzina kwa mwana sangolitchula n'kuchoka. Amakhala ndi chibale ndi mwanayo, amamufunsa, amamupatsa kanthu akamakula. Dzina lotere lili ndi kulemera kwina, ndipo tinalawako kale kumwambako. Mu 2019 bungwe la International Astronomical Union, pokumbukira zaka 100 chikhazikitsidwire, linapatsa mayiko mwayi wotchula nyenyezi imodzi ndi pulaneti lake. Zambia inapatsidwa nyenyezi ya HD 85390, m'gulu la nyenyezi lotchedwa Vela, kutali moti kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 100 kuti kutifike. Anthu a dziko lino anasankha kuti nyenyeziyo ikhale Natasha, pulaneti lake likhale Madalitso. Ndi maina amene mphunzitsi amaitana m'kalasi iliyonse ya m'tawuni muno m'mawa uliwonse. Nditamva ndinasangalala kwenikweni. Komabe imeneyo inali mphatso. Pulanetilo analipeza ndi ena, ife tinangoitanidwa pa tsiku lotchula dzina.

Ndi ma asiteroidi lamulo lake ndi lina, ndipo ndimalikonda. Mwala ukalandira nambala, woupeza amakhala ndi zaka khumi zoti apereke dzina. Dzinalo lisapitirire zilembo 16, likhale lotchulika, lisakhale lonyoza kapena la malonda. Wandale kapena mkulu wa nkhondo satchulidwa mpaka patapita zaka 100 atamwalira, lamulo limene ndikanakonda litamagwiranso ntchito pa misewu ndi mabwalo ena a pansi pano. Komiti ya akatswiri ndiyo imavomereza. Palibe amene angagule dzinalo ndi ndalama.

Masiku ano miyala yambiri imapezedwa ndi makina akuluakulu monga Pan-STARRS ku Hawaii, ndipo munthu angaganize kuti khomo latsekeka kwa anthu ngati ife. Silinatsekeke. Pali pulogalamu yotchedwa International Astronomical Search Collaboration imene imatumiza zithunzi za makina amenewo kwa magulu a ana a sukulu ndi anthu wamba m'mayiko ambiri, kwaulere. Gulu limalandira zithunzi za malo amodzi a thambo zojambulidwa motsatizana, limaziika m'pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Astrometrica, n'kumazisinthanitsa mofulumira mpaka diso litagwira kadontho kamene kakuyenda mumzere wowongoka. Ndi ntchito yomwe ija ya Jackson, kungoti galasi lasanduka sikirini. Safuna telesikopu, safuna thambo loyera, utsi wa mafakitale suwasokoneza. Chofunika ndi kompyuta, intaneti, magetsi, ndi mphunzitsi amene ali ndi mtima wokhala ndi ana masana a Loweruka. Dziko lino lili kale m'gulu la mayiko asanu ndi atatu a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya makina aakulu omvera mafunde a kuthambo a Square Kilometre Array, ndipo akatswiri amene adzafunike kumeneko sadzagwa kumwamba. Adzachokera m'masukulu onga Naboye ndi Kafue Boys, mwa ana amene makolo awo amayeza kutentha kwa ng'anjo ndi kuwerenga mamita.

Sindikufuna kunamiza mwana aliyense. Timadontho tambiri timene adzatione tidzakhala todziwika kale, tina tidzakhala zolakwika za kamera. Kamene kadzakhale katsopano kadzangolandira chaka ndi zilembo, monga 1934 NS uja, ndipo kadzafunika kuonedwanso ndi ena m'nyengo zingapo. Kuchoka pamenepo kufika pa nambala pamatha zaka, nthawi zina mpaka khumi. Mtsikana amene angakaone ali ku sekondale adzauzidwa kuti apereke dzina ali kale pa ntchito, mwina ali ndi mwana kumsana, mwina atasamukira ku Solwezi. Choncho wina pasukulupo ayenera kusunga buku lolembamo amene anaona, tsiku lake, ndi kumene angapezeke, ndipo mphunzitsi akasamutsidwa alisiye m'manja mwa mnzake. Uthenga ukadzabwera, adzamufunefune mtsikanayo mpaka am'peze, chifukwa dzinalo ndi iye ndi anzake amene ayenera kulisankha, kaya asankha Kafue, kaya Shikoswe, kaya dzina la agogo awo amene anabwera kudzaluka nsalu.